Anali munthu wa anthu, koma ankalipira ndani?

Mbiri ya malemu timadziwa kuilemba kuno kwathu m'chigawo cha Tete, ku Mozambique. Kaya ndi ku Ulongwe, ku Domwe, ku Tsangano kapena ku Furancungo, nthawi yake ikakwana wachibale amaimirira ndi pepala long'amba m'kope la sukulu, n'kuwerenga chaka chobadwa, kalasi imene malemu analekezera, chaka cha ukwati, ana angati, zidzukulu zingati, ndi matenda amene awatenga. Ngati womwalirayo anali mmodzi wa abambo aja othamangira za mudzi, pamabwera mawu amene tonse timakhala tikuwadikira: ankakonda banja lawo, anali munthu wa anthu, sankatopa, sankafunsa malipiro. Amuna amagwedeza mitu, amayi amayambiranso kulira, ndipo palibe amene wanama.

Mawu omalizawo ndi amene amandivuta. Munthu akapanda kufunsa malipiro, ntchito yake sisanduka yaulere. Ilipo nyumba imene inkailipira, ndipo mwini nyumbayo amakhala ali pomwepo pamphasa, atafunda chitenje kumutu, osatchulidwa kupatula pamzere umodzi woti malemu asiya mkazi ndi ana. Ine ndikuti mudzi umene wadya thukuta la bambo wotere uli ndi ngongole kwa mkazi wake ndi ana ake. Ndi ngongole yowerengeka m'matumba a chimanga ndi m'masiku a khasu, ndipo nkhata za maluwa sizibweza.

Chaka chino tinaika bambo wina wa kumidzi ya ku Domwe. Dzina lawo ndilisunga, pakuti banja silinanditume kulemba izi, komanso aliyense wowerenga ali naye wake wofanana nawo. Anali a m'badwo umene nkhondo yapachiweniweni inaupeza utangokwatira kumene. Dera lathu la Angónia litayaka moto m'zaka za m'ma 1980, anawoloka malire ndi mkazi wawo, mwana ali kumsana, n'kukakhala kwa achibale m'boma la Dedza monga anachitira anthu ambirimbiri. Pofika 1992 othawa nkhondo ochokera kuno anali pafupifupi miliyoni imodzi m'Malawi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, n'kupeza tchire pamene panali mudzi, sukulu yopanda denga, chitsime chokwiririka. Boma linali kutali ndipo linali ndi dziko lonse loti limange. Amene anaumba njerwa za sukulu, kudula mitengo yoyala pamitsinje ing'onoing'ono ndi kulambula njira yoti galimoto ifike anali anthu ngati amenewa.

Khalidwe limeneli sanakalitenge ku Malawi. Boma la Mozambique litatenga masukulu ndi zipatala za mishoni mu 1975, ansembe n'kuchepa, Mpingo wa Katolika pa msonkhano wake wa ku Beira mu 1977 unagwirizana kuti akhristu eni ake aziyendetsa mpingo m'magulu ang'onoang'ono, aliyense ndi udindo wake wosalipidwa: wotsogolera mapemphero, wophunzitsa ana, woyendera odwala, woika maliro. Kuno zimenezi sizinathere papepala. Mu Okutobala 1985 ansembe awiri a chiJezuiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anatengedwa ku Chapotera, kuno ku Angónia, n'kuphedwa, ndipo m'zaka zotsatira midzi yambiri inapemphera, kubatiza ndi kuika akufa ake popanda wansembe. Akulu a mpingo a ku Igreja Reformada ndi a mipingo ina anasenza katundu wofananayo. M'badwo wa malemuwa unakula ukudziwa kuti ukapanda kuchita wekha, palibe amene akubwera.

Tsono zinthu zinkangowonjezekera. Okumba mjigo atabwera, ananena kuti madzi ndi a mudzi ndipo kukonza n'kwa mudzi: pakhale komiti, kope la zopereka, ndi munthu wodziwa kumasula mutu wa mjigo. Anasankhidwa iwowo. Mjigo wa mtundu wa Afridev, umene uli ponseponse kuno, anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kusolola ndodo zake ndi sipanala imodzi n'kusintha timphira timene timatha msanga. Sipanala imodzi imakwanadi. Koma kamphira kotchipa kaja sikagulidwa pagolosale ya m'mudzi. Kamafuna munthu wopalasa njinga tsiku lathunthu kukakafuna kutawuni kapena kutsidya kwa malire, ndipo wopalasayo ali ndi munda wake. Njinga yomweyo ndi imene inkanyamula mayi woyembekezera pakati pa usiku, mwana wokomoka ndi malungo, nkhalamba yothyoka mwendo. Pamaliro ankatsogolera adzukulu. Kusukulu anali m'komiti ya makolo.

Mu Meyi 2022 kunalengezedwa kuti poliyo wa mtundu wotchedwa "wild polio" wapezeka mwa mwana wa m'chigawo chathu cha Tete, koyamba m'dziko muno chichokereni 1992, patangopita miyezi yochepa matendawa atapezeka ku Lilongwe. Katemera anayenda khomo ndi khomo maulendo angapo. Namwino wochokera kuchipatala sangadziwe kuti kuseri kwa phiri kuli nyumba zitatu zokhala ndi makanda, ndipo mayi amene wamva mphekesera zoti madontho aja amatseka mimba satsegulira mlendo chitseko. Amatsegulira munthu amene anakumba manda a apongozi ake. Malemuwa, ali kale ndi imvi, anayenda ndi gulu la katemera kutsogolo, kuodira pakhomo lililonse. Mu 2024 kunalengezedwa kuti mliriwo watha, ndipo malipoti anatchula mabungwe ndi maunduna. Ndi mmene malipoti amalembedwera, sindikuwadandaula.

Chimene ndikufuna n'chakuti tiwerengere ife eni mudzi. Kodi munthu wodzipereka amaitanidwa kwambiri liti? M'dzinja. Ndi nthawi ya malungo ndi kutsegula m'mimba, nthawi imene kolera amabuka, mitsinje imakokolola timilatho, ndipo maliro amachuluka. Ndi nthawi yomweyonso imene chimanga chimafuna kupalira, kuthira feteleza ndi kubandira, fodya akufuna kuthyola ndi kusoka, kachewere akufuna kupopera. Mlimi aliyense wa ku Angónia amadziwa zimene zimachitika udzu ukatsogola sabata ziwiri mu Januwale: umakolola mapesi. Feteleza wa ngongole wa kampani ya fodya amadulidwa pogulitsa, ndipo sikelo sifunsa kuti mwini munda anali kumanda kapena kumowa. Maliro a m'mudzi mwathu tonse timaika makasu pansi, n'zoona, ndiye timataya mofanana. Koma munthu uyu amaitanidwanso mudzi wachiwiri ndi wachitatu, ife tili m'mizere yathu.

Ntchito imene wasiya siidikira. Amaitola ndi mkazi wake. Nditapita kukapepesa patapita masabata angapo, mayi amasiyewo anandiuza zinthu zimenezi akuseka, osati modandaula. Ankati mawu amene anawamva kwambiri m'banja mwawo anali "Odi, abambo alipo?", ndipo nthawi zambiri ankawamva nsima ili pamoto kapena tambala asanalire. Kuchigayo ankapita chimanga chili pamutu, chifukwa njinga inali itanyamula wodwala wa eni ake. Chaka china fodya anawola m'chigafa mvula itagwetsa mbali imodzi ya denga abambo ali kuchipatala ndi mwana wa mnansi, ndipo chaka chimenecho mwana wawo wamkazi wachiwiri sanapite kusekondale. Anakwatiwa patapita zaka ziwiri. Pamaliro mwana ameneyu ndi amene ankaphika nsima ya adzukulu, ndipo ndikukayika ngati mwa anthu amene ankagwedeza mitu aja analipo amene anakumbuka kuti sukulu yake inathera pa ulendo wa kuchipatala umene unapulumutsa mwana wawo.

Musandimve molakwa. Bamboyu banja lake ankalikondadi. Ndalama za fodya sankapita nazo kumowa wa pamsika monga amachitira ambiri mwezi wogulitsa. Anali mkamwini, koma anamanga nyumba ya njerwa zootcha ndi malata pamudzi pa mkazi wake, ndipo amene akudziwa chikamwini akudziwa kuti mwamuna wochita zimenezo sakuganiza zochoka. Ana ake ankadya naye, ankawafunsa za kusukulu, sanawakwezere dzanja mayi awo. Mkazi wake amamunyadira mpaka lero. N'chifukwa chake nkhaniyi ikundiwawa. Chikhala kuti anali munthu wothawa pakhomo pake n'kumabisala m'makomiti, bwenzi tikungoti zake zimenezo. Koma uyu anali munthu wabwino mbali zonse ziwiri, ndipo tsiku lili ndi maola omwewo kwa wabwino ndi woipa. Chimene ankapereka kwa ife ankachichotsa kwinakwake.

Ena adzati ndikuipitsa chinthu choyera. Adzati kudzipereka kukalowa kuwerengera kwatha, mphotho ya munthu wotere ili kwa Mulungu, ndipo akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Mwambiwo ndimaukhulupirira, koma woika amayembekeza kudzapeza. Ngati chimene bambo anaika kwa anthu sichipezeka tsiku limene ana ake akuchifuna, ndiye kuti osunga aja adya. Za mphotho yakumwamba sinditsutsa. Ndikungoona kuti amene amazitchula msanga kawirikawiri ndi amene ali ndi ngongole pansi pano.

Pali mfundo ina yolimba kuposa imeneyi, ndipo ndiivomereza theka. Ndalama zinaonongadi mtima wothandizana m'midzi yambiri. Kuchokera pamene mabungwe anayamba kuitanira anthu kumaphunziro a masiku atatu okhala ndi chakudya, malaya olembedwa ndi kandalama ka m'thumba, pali anthu amene sanyamula ngakhale njerwa imodzi asanafunse kuti pali chiyani. Tawaona akulimbirana maudindo pamene pamveka fungo la thandizo, n'kusowa thandizolo likatha. Amene akuopa kuti kulipira odzipereka kudzachulukitsa anthu oterewa sakulota. Komabe boma lenilenilo linavomereza kale kuti ntchito ya m'mudzi ili ndi mtengo. Azaumoyo a m'midzi amene timawatcha ma-APE anayamba mu 1978, ndipo ndondomeko yawo itadzutsidwanso mu 2010 anayamba kuphunzitsidwa miyezi inayi, kupatsidwa mankhwala a malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kwa ana, komanso kandalama ka mametikali 1,200 pamwezi. Lamulo la nambala 15 la chaka cha 2000 linazindikira mafumu ndi atsogoleri a m'midzi, ndipo pambuyo pake anapatsidwa yunifolomu ndi kangachepe. Ndi zochepa, ndipo zimafika kwa anthu owerengeka. Wokonza mjigo, wotsogolera adzukulu ndi mwini njinga yonyamula odwala sali pamndandanda uliwonse, ndipo sindikuyembekeza kuti adzalembedwapo posachedwa.

Choncho sindikupempha malipiro a pamwezi. Ndikupempha chinthu chimene makolo athu ankachidziwa bwino: dima. Kale munthu akachulukidwa ndi munda ankafulula mowa kapena kuphika thobwa, anthu n'kubwera ndi makasu, munda n'kutha tsiku limodzi. Chovuta n'chiyani kuti mudzi umene ukudziwa kuti uje wataya masiku ake a kupalira chifukwa cha ife, upite m'munda mwake m'mawa umodzi mu Januwale, osadikira kuti mkazi wake afulule? Palibe ndalama imene ikutuluka, ndipo waulesi wofuna malaya olembedwa sangakopeke ndi mphotho yotere, chifukwa imangofika kwa munthu amene ntchito yake yaoneka kale. M'kope la komiti ya mjigo mungathe kukhala mzere woti nyumba ya wokonza sipereka ya pamwezi, ndi woti tayala la njinga likatha pa ulendo wa mudzi, ligulidwe ndi thumba la mudzi. Magulu a amayi osunga ndalama, amene kuno timawatcha a poupança, ali kale ndi kathumba ka mavuto. Akudziwa kuwerengera kuposa makomiti a amuna, ndipo akanapatsidwa nkhaniyi akanaikonza msanga.

Palinso kugawana katunduyo. Tonse tikudziwa mmene zisankho za m'mudzi zimayendera. Mfumu ikangoti tikufuna munthu woyang'anira chakuti, dzina la bambo yemwe uja limatchulidwa asanakhale n'komwe pansi, anthu n'kuwomba m'manja mwamphamvu kuti asapeze mpata wokana. Ng'ombe yofatsa ndi imene imamangidwa pagoli tsiku ndi tsiku, yolusa ikudya msipu. Kuyamikira kwathu kumakhala njira yomusenzetsera, ndipo tikamati "inu nokha ndi amene mumatha", tikutanthauza kuti ife tisavutike.

Ndinenenso chosakoma, ngakhale za womwalira sitizolowera kutero. Abambo oterewa nawonso amakhala ndi mbali yawo. Kufunidwa kumakoma. Ena safuna kuphunzitsa wachinyamata kumasula mjigo, sipanala amaisunga kuchipinda, kope amalemba okha, ndipo akadwala zonse zimaima. Ena amavomera udindo wachisanu asanafunse mkazi amene adzautolere mtengo wake. Malemu athuwa anali ndi kachizolowezi kameneka pang'ono, ndipo mkazi wawo anakanena yekha. Mwamuna amene akufuna kutchedwa wokonda banja aphunzire kunena pamsonkhano kuti ayi, chaka chino asenze wina. Koma kukana kumavuta pamene wakhala ukuona kuti ukakana, mwana wa mnansi afera panjira.

Pamene ngongoleyi imaonekera poyera ndi tsiku lokamba za katundu wa malemu. Kwa Achewa a chikamwini, abale a mwamuna amabwera kudzatenga zimene amati ndi za m'bale wawo: njinga, wailesi, ngolo, ng'ombe, nthawi zina mpaka malata. Kwa Angoni olowola, mkazi ndi amene ali pamudzi pa eni, ndipo munda ungamuchoke. Njira zonse ziwiri wotsala m'mavuto ndi mmodzi yemweyo. Lamulo lili kumbali yake tsopano. Kale, pa malamulo amene tinatengera kwa Apwitikizi, mkazi wamasiye ankabwera pambuyo pa ana, makolo ndi abale a mwamuna pa kulandira chuma. Lamulo latsopano la chuma cha masiye la mu 2019 linamukweza n'kumuika pamzere woyamba pamodzi ndi ana. Lamulo la malo la 1997 limati ufulu wogwiritsa ntchito munda umapita kwa olowa m'malo mosayang'ana kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo limalola umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi pamene palibe chikalata. Taonani pamenepo: lamulo likufuna mboni, ndipo mboni ndi ife. Koma tsiku limenelo anthu omwe aja ankati anali munthu wa anthu amayang'ana pansi n'kumati za m'banja la eni sitilowerera. Iye sananenepo mawu amenewo pamene ankagogodedwa usiku.

Kwa malemu a ku Domwewa zinthu sizinafike poipa kwambiri. Nyumba ndi munda zili m'manja mwa mayi, poti ndi pamudzi pawo. Ngolo inatsala a mfumu atalankhulapo. Koma njinga inapita ndi mwana wina wa mlongo wa malemu amene amagwira ntchito ku Moatize, munthu wa malipiro a pamwezi, akuti akufuna chokumbukira amalume ake. Palibe wa m'komiti ya mjigo, wa kumpingo kapena wa kusukulu amene anatsegula pakamwa.

Achinyamata amaona zonsezi, ndipo si opusa. Timawanena kuti alibe mtima wothandiza, amangoganiza za ku Tete, ku Moatize ndi ku Johannesburg, kapena kugula njinga yamoto n'kumalipiritsa ngakhale wodwala. Koma mnyamata amene anaona mlongo wake akusiya sukulu, mayi ake akupalira okha, kenako njinga ya bambo ake ikukwezedwa pa chapa (minibasi), mukamuuza kuti alowe m'malo mwa bambo ake adzakufunsani kuti apindulenji, ndipo simudzakhala ndi yankho. Ngakhale mudzi wosalabadira za chilungamo uyenera kuchita mantha pamenepa, chifukwa m'badwo umene unaphunzira kudzipereka m'nthawi ya nkhondo ukutha, ndipo wotsatirawo ukuwerengera. Amayi amene amaphika pamaliro onse, kutunga madzi a omanga sukulu ndi kugonera odwala kuchipatala ali ndi nkhani yawo yaikulu kuposa iyi, ndipo iwo ngakhale mawu oti anali munthu wa anthu sawalandira kawirikawiri.

Panopa m'mudzimo mukuyenda nkhani yosonkha simenti ya chiliza, ndipo ndamva kuti anthu akupereka ndi mtima wonse. Chiliza sichoipa, ndipo nanenso ndidzasonkha. Koma chingathe kudikira chaka china. Mvula ikubwerayi idzapeza munda uja uli ndi khasu limodzi. Mwana wawo womaliza akumaliza kalasi 9, pamene maphunziro aulere amathera malinga ndi lamulo la maphunziro la 2018. Kuti ayambe kalasi 10 chaka chamawa pakufunika ndalama yolembetsera, yunifolomu ndi makope, ndipo sukulu yake ili mtunda woti munthu sangayende pansi m'mawa uliwonse n'kukafika nthawi yabwino. Komiti imene ikulemba maina a osonkha simenti ingathe kutsegula tsamba lina m'kope lomwelo, ndipo a mfumu angathe kutuma munthu ku Moatize kukaitanitsa njinga ija.